Mbewu ya ku Liyang

Yigo, Guåhan
12 Malichi 2000

Achimwene a Goro,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Rita ndi ana. Kuno tadzuka, kupatula mawondo angawa amene ayamba kundilamula ngati ndiwo anandibereka. Mwana wanga Fina, wanu wa ubatizo uja, ali bwino, akuyalabe mabedi a alendo ku hotela ku Tumon. Lamya sindikuimbirani dala, chifukwa pa lamya mumalankhula nokha, ine n'kungotsala ndi "eya, eya" mpaka nthawi kutha.

Ndadzala chilazi cha aTata sabata yathayi, mwezi utakula. Ndi pakampata komwe kaja kuseri kwa nyumba, pakati pa thanki ndi mpanda wa aneba, pamene khasu likangolowa pang'ono lagunda mwala. Mitu yambewu ndinaipaka phulusa n'kuigoneka pamthunzi m'khitchini yakunja monga mwa nthawi zonse, ndipo yonse inatulutsa maso.

Nkhani yaikulu nayi. Kumsonkhano wa eni malo akale anawerenga maina a mabanja amene asilikali akufuna kuwabwezera minda, ndipo dzina la aTata linamveka. Liyang, kwathu kuja, achimwene. Ndinakhala pampando paja ngati andithira madzi ozizira. Akuti mwina chaka chamawa chipata chidzatseguka.

Tsiku limene asilikali anatichotsa kumeneko inu munali wamkulupo, mukukumbuka zambiri. Ine ndimangokumbuka ngolo, karabao, njati yathu yoweta yong'ambika khutu ija, ndi amayi athu aNana akulira chifukwa aTata anatsitsa makina awo osokera kuti thumba la mbewu likwane. ANana amvekere, "Ndiye ana avala chilazi?" ATata n'kuyankha kuti, "Makina ali m'sitolo, mkazi iwe. Ichi chofiira mkatichi undisonyeze sitolo yake." Kuchokera tsiku limenelo chilazichi chakhala mlendo m'malo a eni: ku Dededo kwa amalume, kuseri kwa sukulu kuja, tsopano pano pa ine. Pomwalira aTata sanandisiyire mphete kapena ndolo. Anangondifinya dzanja n'kunena kuti, "Nacha, usadzachidye chonse. Chidzabwerere kwawo."

Ndiye ndilembereni maganizo anu. Ndinu wamkulu, mawu oyamba ndi anu. Ndalama sindikupempha, mawu okha.

Ndine mlongo wanu,
Nacha


Chula Vista, California
20 Meyi 2000

Mlongo wanga Nacha,

Moni wa mafuta! Pepa ndachedwa kuyankha, bungwe lathu la ana a pachilumba linali ndi chikondwerero ndipo wapampando ndine, ukudziwa kuti popanda ine palibe chimayenda. Ndaikamo chithunzi. Undione nditagwira fosiños, khasu lathu lalitali lija. Azungu anaima pamzere kuti ajambulitse nane!

Za Liyang ndamva, ndipo ndasangalala kuti boma lakumbuka manyazi. Koma mlongo, tisanamizane. Ine ndatumikira pa sitima za nkhondo mpaka kupuma, dziko ndaliona. Kumpoto kuja ndi miyala yokhayokha. Iwe mawondo atha, ine msana. Adzalima ndani? Fina, ndi zikhadabo zopaka zija? Pali mnzanga wina kuno amene mlamu wake ali ndi kampani yophwanya miyala. Akuti malo ngati amenewo amawabwereka kwa zaka zambiri, eni ake n'kumangodya atakhala pansi. Ganizira bwino. Tavutika mokwanira, mwala umenewu utidyetseko.

Tsopano yokoma. Mwana wathu Lorraine, amenenso ndi wako, akukwatiwa sabata ya Khrisimasi, mnyamata wake ndi wa ku Ohio, waulemu, koma sadziwa ngakhale pamene chilumba chathu cha Guåhan chili pa mapu. Ndikufuna makolo ake aone kuti sitinagwe kuchokera mumtengo, tili ndi kwathu. Mpunga wofiira udzakhalapo, nkhumba yootcha idzakhalapo, koma pakati pa tebulo ndikufuna zitumbuwa za chilazi cha aTata, zofiira zija, zothira madzi a shuga. Ndidzaimirira n'kufotokoza mbiri yake yonse, ya ngolo ija. Rita akuti ndidzaliza holo yonse. Anthu adzakhala ochuluka, ndiye usaumire. Chathunthu chosasenda salola kulowa nacho kuno, muchipere n'kuchiumitsa mufiriji, pali anthu akwathu obwera ku ukwati amene adzanyamule.

Uuze Fina kuti Nino wake, bambo wake wa ubatizo, akumupatsa moni.

Mchimwene wako,
Goro


Yigo
9 Julaye 2000

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata ndi chithunzi. Mwanenepa bwino. Khasulo mwaligwira ngati mfuti, koma poti ojambulitsawo sadziwa, palibe kanthu. Lorraine mumuuze kuti azakhali ake asangalala, ndipo ndikumupempherera.

Za kampani ya miyala ndawerenga kawiri. Ndinapita kukaona dzenje limene anzawo anakumba panjira ya ku Mangilao kuti ndimvetse zimene mukunena. Ndi loyera mbee, lakuya kuposa tchalitchi, ndipo ngakhale udzu ukuopa kumeramo. Akatero amabweza chiyani zaka zikatha, achimwene? Asilikali aja ngakhale anatitsekera kunja, dothi analisiya pamalo pake. Ndasiyira pomwepo, ndinu wamkulu.

Kuno nguluwe zatilowera. Zinaboola pansi pa mpanda n'kufukula mapando oposa theka. Ndinapeza mitengo yoyangira ili pansi, zilazi zanthete zitalumidwalumidwa. Ndinakhala pansi n'kulira ngati pamaliro, aneba mpaka kusuzumira. Mwamuna wa kumeneko, amene amangotafuna mtedza wa pugua tsiku lonse osadzala ngakhale tsabola, akuti, "Tan Nacha, mukulirira mbatata? Ku sitolo zadzadza." Ndinamuyang'ana mpaka analowa m'nyumba.

Zotsalazo ndazitchingira ndi malata akale. Zikabereka bwino zidzangokwana mbewu ya ku Liyang, ndi kambale kamodzi ka Khrisimasi. Za zitumbuwa za ukwati ndamva. Tidzaona pokumba.

Nacha


Yigo
6 Novembala 2000

Nino,

Ndikununkhiza dzanja lanu monga mwa mwambo wathu, ngakhale ndili kutali, mundidalitse. Ndine Fina. Ndinayesa kuimba koma ndimangopeza makina oyankha aja, ndipo nkhani iyi sindingauze makina.

Amayi anagwa m'khitchini yakunja Lachitatu lapitali. Mbali yakumanja yafooka, pakamwa papotoka, mawu sakutuluka bwino. Madokotala anati apite ku Manila, ndipo anyamuka dzulo ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, chifukwa ine kuntchito andikaniza tchuthi. Akuti akakhalako mpaka chaka chatsopano, mwina kupitirira.

Pabwalo la ndege anandigwira malaya n'kumanena mawu amodzimodzi, "chilazi, chilazi," kenako misozi. Ndinawauza kuti, "Musadandaule amayi, ndichisamala." Koma Nino, kunena zoona sindidziwa kuti ndiyambire pati. Pakampata paja amalowapo okha, ine ntchito yanga inali yolandira ndowa pakhomo. Masamba ayamba kuchita chikasu. Kodi za ukwati munagwirizana zotani? Amayi sanandiuze, amangoti mukatchulidwa dzina n'kuyamba kutsuka mapoto mwamphamvu.

Mwana wanu,
Fina


Chula Vista
19 Novembala 2000

Fina mwana wanga,

Nkhani ya mayi ako ndailandira ndi chisoni. Tayamba kolona kuno, anthu a bungwe akubwera madzulo aliwonse, ndipo nyumba ikumadzadza. Mayi ako ndi chitsulo, adzadzuka.

Usazunzike ndi zimene ankanena pabwalo la ndege. Ndikudziwa chimene chimamuvuta: ankaopa kuti ukwati wa Lorraine udzapita wopanda chilazi chimene tinakambirana. Kalata yake ili pano, anati tidzaona pokumba. Ndiye nthawi yokumba ndi imeneyi. Masamba akachita chikasu ndiye kuti chakhwima, zimenezo ngakhale ine ndikukumbuka. Kumba, senda, pera, uike m'mapepala apulasitiki mufiriji. A Quinata, akwathu obwera ku ukwati, akunyamuka pa 16 Disembala ndipo avomera kutenga bokosi la ayezi.

Ndalengeza kale kubungwe, ndipo makolo a mnyamata akudikira. Sindinakupemphepo kanthu chikunyamulire pa ubatizo, ndipo pa ukwati wako ndinawoloka nyanja ndi banja lonse, sindikuwerengera ayi, ndikungokumbuka. Usandichititse manyazi pamaso pa alendo.

Nino wako


Yigo
17 Disembala 2000

Nino,

Bokosi lanyamuka dzulo ndi a Quinata. Ndikhulupirira lifika bwino.

Ndinakumba Loweruka la sabata yatha ndi mwamuna wanga. Zinatuluka zochepa kwambiri, nguluwe zija zinatipweteka. Ndinakumbuka kuti amayi amadula mitu n'kuiika padera, ndiye nanenso ndinatero. Koma nditapera zotsalazo, sizinafike ngakhale theka la bokosi. Ndinaima n'kumaliyang'ana. Mwamuna wanga akuti, "Tumiza zomwezo, akawonjezere ufa." Ine ndinati, "Iwe, a Quinata akatsegula pabwalo la ndege n'kuona kabokosi kopanda kanthu, mawa chilumba chonse chidziwa kuti mwana wa Nacha anatumizira Nino wake zonyambita." Manyazi anandigwira, Nino. Ndinatenga mitu ija n'kuipera, umodzi umodzi, mpaka bokosi linaoneka la ulemu.

Koma musaope, sindinamalize yonse. Ndasunga mutu umodzi waukulu, wokongola kuposa yonse, woti amayi akadzale ku Liyang. M'khitchini yakunja muli makoswe ndipo nguluwe zazolowera, ndiye sindinausiye kumeneko. Ndaukulunga bwino n'kuuika mufiriji m'nyumba, pansi penipeni pozizira bwino, ndipo ndauza aliyense kuti wokhudza pamenepo adzandiona.

Amayi akuti ayamba kugwira supuni okha. Ukwati ukayende bwino, mumupsompsone Lorraine m'malo mwanga.

Fina


Chula Vista
14 Januwale 2001

Mlongo wanga Nacha,

Ndamva kuti ukutuluka m'chipatala mwezi uno, ndiye ndatumiza kalatayi kunyumba kuti ikakulandire. Mulungu ndi wamkulu! Kolona wathu sanapite pachabe.

Ukwati unali ukwati, mlongo. Lorraine anaoneka ngati aNana pachithunzi chija. Ndinaimirira ndi mbale ya zitumbuwa m'manja n'kufotokoza zonse: ngolo, karabao, makina osokera. Ndinawonjezerako pang'ono kuti asilikali anatiloza ndi mfuti, poti nkhani imafuna mchere. Mayi a mkwati analira mpaka utoto wa m'maso kutsika. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Bambo Goro, anthu inu mumakondadi nthaka yanu." Ndinati, "Mayi, ndi magazi athu."

Fina wagwira ntchito, umuyamikire. Kungoti ana a masiku ano sadziwa zabwino. Analawa kamodzi n'kuthamangira keke, ena akuti mtundu wake ukuwaopsa. Akuluakulu a kwathu okha ndiwo anadya ndi mtima wonse. Zambiri zinatsala m'mbale, ndipo anyamata a holo anachotsa tisanaone. Mapepala awiri sitinawakazinge n'komwe, Rita anawaponya mufiriji ya m'galaja. Chaka chamawa usadzavutike kutumiza zambiri chotere.

Tsopano za Liyang. Mwini kampani uja ndinamuitana ku ukwati, ndipo nkhani yanga inamukhudza kwambiri. Akuti pachipata cha mgodi adzaika chikwangwani cha dzina la aTata. Waona ulemu umenewo? Chatsala ndi mawu ako basi. Ndi matenda akowa, sindikuona chimene ungakanire.

Mchimwene wako,
Goro


Yigo
25 Malichi 2001

Achimwene a Goro,

Moni. Zilembo zapendekeka chifukwa ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo kalatayi yanditengera masiku. Fina anati andilembere, ndinakana. Iyi ndi yanga.

Nditafika kuchokera ku Manila sindinalowe m'nyumba, ndinauza Fina andigwirize mpaka kuseri. Ndinapeza maenje okhaokha. M'khitchini yakunja, pamene ndimagoneka mbewu, panali posesa bwino. Ndinafunsa kuti, "Mitu ili kuti?" Mwana anamwetulira, achimwene, anamwetulira ngati wandikonzera mphatso, n'kunditengera ku firiji. Atamasula nsalu, chinatuluka chinthu chakuda, chofewa, chikuchucha madzi. Chala changa chinangolowa. Chilazi ndi cha dziko lotentha ngati ife, kuzizira kumachipha. Fina anati, "Amayi, ndimachiteteza ku makoswe." Ndinati, "Ndaona, mwanangu." Kenako anaona nkhope yanga, n'kukhala pansi pompo pasimenti, kulira kosatonthozeka.

Ndayenda chilumba chonse ndi ndodo yanga kufunsa. Ku Dededo kwa amalume anathira simenti pabwalo ponse. Ku Inarajan kuli nkhalamba ina ili ndi chofiira, ndinachidula n'kulawa, si chathu. Kulibe, achimwene. Chinapulumuka nkhondo, chinapulumuka asilikali, anamondwe onse aja, ngakhale nguluwe zinasiyako. Chathera pa tebulo la ukwati, pakati pa keke ndi nkhumba, anthu akuomba m'manja.

Fina sindikumuimba mlandu ndipo inunso musayerekeze. Ndikanamuphunzitsira pati? Pakampata paja anthu awiri sangaime. Ife tinaphunzira poyenda kumbuyo kwa aTata m'munda woti ukaitana munthu kumapeto samva. Iye anakulira pakhomo, akulandira ndowa. Chimene tinamuphunzitsa bwino n'chimodzi, kuti Nino akapempha sabwezedwa chimanjamanja, ndipo anachichita mpaka kumapeto.

Koma inu. Ndinakulemberani za nguluwe. Ndinakulemberani kuti zotsala zidzangokwana mbewu. Munabadwira pano, munayamwa bere limene ndinayamwa ine, mukudziwa kuti wamng'ono sayankha mkulu wake kuti ayi, amazungulira, ndipo mkulu wanzeru amamva n'kubweza dzanja. Munamva bwinobwino. Munangodikira kuti pakamwa panga papotoke n'kupita kwa mwana.

Chipata cha ku Liyang anatsegula Lachiwiri lapitali. Anatiperekeza ndi galimoto mpaka pamene msewu wathera, kwinako tinayenda pansi, Fina atandigwira m'khwapa. Tisanalowe m'nkhalango ndinaima n'kupempha kwa eni ake akale monga aTata ankachitira: "Agogo aakazi, agogo aamuna, tiloleni tidutse, ndife ana a pano." Nditamaliza ndinangoimabe pomwepo. Fina anandinong'oneza kuti, "Amayi, mwatopa?" Sikunali kutopa. Ndinali ndi manyazi, ngati munthu wofika pamaliro a kwawo wopanda ngakhale kapu ya mpunga.

Mumati ndi miyala yokhayokha. Kachere uja alipo, wakula mpaka mizu yake yatseka pamene panali khola. Mitengo ya lemai imene aTata anadzala ikubereka, zipatso zikungoolera pansi. Kutsetsereka kuja, kumene kunali munda wa chilazi, ndinakankha fosiños ndi dzanja limodzi lomweli ndipo linalowa lonse osagunda kanthu. Dothi lofiira, lonunkhira, lapuma zaka zonsezi kudikira. Fina anatapa m'manja n'kunena kuti, "Amayi, ndiye kwathu n'kuno?" Sanalitaye, analiika m'thumba la diresi.

Tsopano yankho la kampani yanu. Ndakhala moyo wanga wonse osakuuzani liwu ili, ndiye muliwerenge bwino, ndalilemba lalikulu: AYI. Chikwangwanicho akachikhome pakhomo panu. Ine ndikadali moyo palibe galimoto ya miyala idzalowe ku Liyang, ndipo Fina ndayamba kumuphunzitsa kulitchula liwulo, ngakhale kwa Nino wake. Tidzadzala chinangwa, koko, nthochi, ndi chilazi cha eni chogula. Chidzamera, koma sichidzatidziwa.

M'kalata yoyamba ndinati sindikupempha kanthu koma mawu okha. Lero ndikupempha. Mapepala awiri aja ali mufiriji ya m'galaja, nditumizireni. Musandiuze kuti choperapera sichimera, ndadzala chilazi kuyambira musanaphunzire kumanga tayi. ATata sanati chidzamere. Anati chidzabwerere kwawo.

Dzenje ndakumba kale, pansi pa lemai wamkulu, ndipo ndalisiya losakwirira. Ngati alamu anataya kale poyeretsa firiji, musandilembere kalata. Mukwere ndege, mubwere ndi khasu lanu lojambulitsira lija, mudzapemphe nokha kwa eni nkhalango, mudzalikwirire lopanda kanthu ine ndikuona.

Ndine mlongo wanu,
Nacha